Aphunzitsi Akati “Tabwera Undionere Chinthuchi”

Tsiku lina Lachinayi, mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kukata ili mkati, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anafika pakhomo atafumbata kanthu m’juzi. Ndinayesa mandasi. Atatulutsa, inali foni ya aphunzitsi ake. “Akuti yadzaza, siikulandiranso mauthenga. Akuti ndiwakonzere, ndikapereke mawa.” Ananena monyadira, ndipo nanenso, ndisaname, mtima unakoma: mwana wanga kudalirika mpaka aphunzitsi kumusiyira foni! Anakhala pamkeka pafupi ndi mbaula, chala chili pagalasi, ndipo pomwe nsima inkapsa foni inali itapepuka. M’mawa mwake mpamene zinadziwika kuti pamodzi ndi mavidiyo a maukwati ndi nyimbo za kwaya, anali atafufutanso zithunzi za mapepala a malikisi a kalasi yonse, zomwe aphunzitsiwo anajambula kuti akamalizire kunyumba. Palibe anamukalipira. Koma sabata yonse mwanayo ankapita kusukulu ngati akupita kubwalo la milandu.

Wolakwa sanali mwana, sanalinso aphunzitsi kwenikweni. Ndinali ine, amene ndinalola foni ya munthu wina kugona m’nyumba mwanga osafunsa kuti muli chiyani, osamuuzanso mwanayo pomwe manja ake ayenera kulekezera. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi, chifukwa kuno ku Luwinga si yachilendo.

Ana athu akukulira pakhomo pa Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997 n’kuyamba kuphunzitsa mu 1999 pamalo pomwe kale panali koleji ya aphunzitsi. Nyumba zambiri muno muli ophunzira a pa Mzuni ochita lendi, aliyense ndi laputopu yake pamsana. Mwana wa Sitandade 7 waona kale momwe amasindikizira pepala pa timashopu ta m’mbali mwa msewu wa M1, wagwirapo foni ya mlongo wake, ya amalume, ya woyandikana naye. Pomwe aphunzitsi ambiri, makamaka achikulire, anaphunzira ntchito yawo ndi choko ndi bolodi, ndipo amaidziwa bwino lomwe. Zamafonizi zinawagwera ngati mvula ya matalala mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, pomwe manotsi anayamba kuyenda pa WhatsApp. Sukulu zitatsegulidwa khalidwelo silinabwerere m’mbuyo. Kenako mu 2023 boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT, yopereka matabuleti (osati akumwa aja, koma timakompyuta tagalasi) kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Inayambira m’sukulu 500, ndipo cholinga chake n’kufika m’sukulu zonse za pulaimale za boma. Choncho mawu akuti “tabwera undionere chinthuchi” mwana wanu adzawamva, ngati sanawamve kale.

Ine maganizo anga ngakuti mulekeni athandize. Mwana amene walumikiza pulojekita kalasi yonse ikuona amabwera kunyumba atatalika. Komatu thandizo limenelo limaphunziridwa pakhomo, ndipo gawo lalikulu la phunzirolo silikhudza mabatani ayi.

Yambani ndi agogo, kapena inu nomwe ngati foni imakuvutani. Muuzeni mwanayo kuti akuphunzitseni kanthu kamodzi kokha, tinene kutumiza chithunzi pa WhatsApp, koma manja ake akhale kumbuyo. Asagwire foniyo ngakhale pang’ono. Mudzaona momwe zimamuwawira. Zala zimamuyabwa, amayamba kupuma mokweza, kenako mumva “aaa, tangobweretsani!” Pamenepo ndiye pagona phunziro. Mwana akalanda foni n’kudinadina msangamsanga, vuto latha lero koma mawa agogo adzamuitananso, ndipo aphunzitsi nawonso chimodzimodzi: adzakhala akapolo a mwana wa zaka 15 temu yonse. Akamalankhula chabe, “dinani apo pali kachizindikiro konga kamera, eya, tsopano sankhani chithunzi,” wamkuluyo amaphunzira ndi chala chake. Akatha, wophunzitsidwayo alembe yekha njirayo m’kope, ndi mawu ake, kaya m’Chitumbuka, m’Chichewa kapena m’Chingerezi, abwerezenso kachiwiri mwana ali chete. Chitani zimenezi madzulo atatu kapena anayi. Kwathu tinayesera pa azakhali anga, omwe tsopano amatumiza okha mauthenga a mawu ataliatali moti tikudandaula.

Chachiwiri ndi kamwa. Mwambo wathu sulola mwana kukonza wamkulu pagulu, ndipo mwambowo sunafe chifukwa kwabwera kompyuta. Aphunzitsi akamalimbana ndi waya kutsogolo, kalasi n’kuyamba kuseka, mwana wanu asakhale wofuula ali kumbuyo kuti “mwalakwitsa Sala!” Aimike mkono, kapena ayandikire, anene motsitsa mawu: “Madamu, ndingayese nawo?” Akakana, akhale pansi. Akalola, akonze osachita chionetsero, osayang’ana anzake ndi diso loti mwandiona. Ndipo nkhani ya zomwe aphunzitsi sakudziwa isakhale ndiwo zodyera nsima pabuleki. Inunso makolo samalani pakamwa panu pomwe mwana akukufotokozerani. Mukangoti “ndiye aphunzitsi otani osadziwa kuyatsa kompyuta,” mwapha ulemu umene mwanayo akufunika kuti amve masamu mawa m’mawa.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Mavuto a m’kalasi ndi ochepa ndipo amangobwerezabwereza, moti mwana angathe kuwaloweza ngati mapemphero.

Pulojekita ikayaka koma pakhoma pali buluu basi, kawirikawiri sichinafe chilichonse. Ayambe waona waya: walowa mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri? Mawaya ofala ndi amitundu iwiri, wa HDMI wa kamwa lopyapyala, ndi wakale uja wa VGA wa mutu wabuluu wokhala ndi timano ndi tizomangira tiwiri. Wa VGA asaukakamize, timano take tikapindika ndiye kuti wapita. Kenako pa pulojekitapo adine batani lolembedwa Source kapena Input mpaka ifike pa dzina la waya amene walumikizayo. Zikakanikabe, pa laputopu ya Windows adine batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo P, asankhe Duplicate. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Pozimitsa, asazule ku soketi. Azimitse ndi batani, adikire kachipupizira ka m’kati kasiye kulira, chifukwa babu la pulojekita limatentha kwambiri, ndipo mtengo wake ndi wokwera zedi.

Foni yodzaza, yomwe inatigwetsa ife, ili ndi lamulo limodzi loposa onse: mwana asafufute kanthu kalikonse mwini wake asanakaone n’kuvomera. Ntchito yake n’kusonyeza njira. Mu WhatsApp, akalowa mu Settings, kenako Storage and data, pali Manage storage pomwe pamaoneka zinthu zikuluzikulu zomwe zikudya malo. Mwini foni asankhe yekha zotaya. Pomwepo palinso Media auto-download. Akazimitsa pamenepo foni imasiya kudzikokera vidiyo iliyonse ya m’magulu a mpingo, a maliro ndi a banki m’khonde, ndipo bandulo imakhalitsa. Aphunzitsi akafuna kugawa manotsi kwa anzawo ali pafupi, palibe chifukwa chowotchera mayunitsi: Bluetooth kapena Xender zimatumiza popanda intaneti. Manotsiwo akakhala mu PDF amatseguka chimodzimodzi pa foni iliyonse yamakono, ngakhale ka itel kotchipa, pomwe a mu Word nthawi zina amasokonekera mizere.

Fulashi ndi chinthu china chofunika kuchidziwa bwino. Kamayenda m’makompyuta ambiri, lero ku ofesi, mawa posindikizira mapepala, ndipo kamatola matenda ngati mwana wa ku mkaka. Kachilombo kofala kwambiri ndi kaja kamene kamachititsa kuti mafayilo onse aoneke ngati tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, kapena kusoweratu. Mwana akaona zotero, asadine timiviyo ndipo, chonde, asachite format. Nthawi zambiri mafayilowo amakhala alipo, angobisika, ndipo munthu wodziwa angawabweze. Format ndiye amasesa zonse. Muphunzitseninso kukumbutsa aphunzitsi mwaulemu kuti chilichonse chofunika, masikimu, malikisi, mayina a ana, chizikhala malo awiri: pa kompyuta ndi pa fulashi, kapena pa imelo. Ife a ku Luwinga sitifunika kuuzidwa kawiri za kusunga chuma malo amodzi. Tinaona mu Disembala 2015 moto utanyeketsa laibulale ya Mzuni, mabuku osonkhanitsidwa zaka zambiri kusanduka phulusa tsiku limodzi.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, chinthu choyamba n’kuzula zonse ku soketi, chifukwa kawirikawiri chowononga zipangizo si kuthimako koma kubwera kwake, pomwe nthawi zina amafika ndi mphamvu yopyola muyeso. Akayaka, adikire mphindi zingapo asanalumikizenso. Asasanjikize ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake, ndipo waya wong’ambika kapena soketi yothetheka asaigwire n’komwe. Anene kwa aphunzitsi basi. Mwana wasukulu si mmisiri wa magetsi. Zolowetsa mawaya osavala mu soketi ndi kamtengo ka machesi, zomwe ena timachita m’nyumba zathu mopanda manyazi, asakazionetse kusukulu. Batire la foni kapena la laputopu likatupa mpaka kukankha chivundikiro, lisatchajidwenso.

Nyengo yathunso ili ndi zake. Mzuzu ndi wachinyontho, nkhungu m’mawa, mvula mpaka anzathu a kumwera atayamba kale kukolola. Chipangizo chikanyowa, achizimitse nthawi yomweyo, achipukute, achisiye pamalo pouma podutsa mphepo masiku angapo. Asachiyatse kuti aone ngati chikugwirabe, ndipo asachiyandikize ku mbaula. Fumbi la choko nalo limatseka timabowo topumira laputopu, choncho isakhale patebulo la pansi pa bolodi pomwe wina akufufuta. Chopukutira ndi kansalu kouma kofewa, osati chonyowa chija chopukutira madesiki.

Ngati muli ndi wamng’ono kusukulu yomwe matabuleti a BEFIT afika, thandizo lake ndi laling’ono koma lenileni: kusamba m’manja asanagwire, kunyamula ndi manja awiri, kusakoka waya wa zomvetsera za m’makutu, kubweza pamalo pake kuti akatchajidwe ndi sola. Maphunziro a m’menemo amalankhula Chichewa, ndiye mwana amene pakhomo mumalankhula Chitumbuka chokhachokha angafune kuti mkulu wake amumasulire mawu monga “sankha”, “gwira” ndi “mvetsera”. Zimenezi ndi za mphindi zisanu pa nthawi ya chakudya chamadzulo.

Tifike tsopano pamene ndikufuna kuti mumvetsetse, chifukwa apa mpamene ana abwino amagwera m’dzenje. Pali zinthu zomwe mwana wanu sayenera kuzidziwa ngakhale aphunzitsi atamupatsa okha ndi mtima woyera. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ya ku banki, pasiwedi ya imelo kapena ya Facebook. Ikafika nthawi yolemba nambala yotere, mwana abweze foni kwa mwini wake, ayang’ane kumbali moonekera, kuti aliyense aone kuti sanaone. Chifukwa chake n’chosavuta. Tsiku lomwe ndalama idzasowe mu foni imeneyo, mwina itabedwa ndi akathyali oimba mafoni aja, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala la mwana amene ankadziwa nambala. Adzalumbira mpaka misozi, koma mbiri ikada siichapika ndi sopo. Muuzeninso kuti foni ya munthu ili ngati chipinda chake chogona. Wapemphedwa kukonza loko wa chitseko, osati kutsegula masutikesi. Mauthenga asawerenge, zithunzi asatsegule, ndipo chimene waona mwangozi chithere m’maso mwake. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kulowa m’zosungidwa za pa kompyuta kapena pa foni ya wina popanda chilolezo.

Mayeso ndi malikisi ndiye moto weniweni. Aphunzitsi atopa, ali ndi makalasi anayi, ndiye amapempha mwana wodziwa kutayipa kuti awalembere mafunso a kumapeto kwa temu kapena awalowetsere malikisi. Mwana wanu akane mwaulemu, ndipo muuzeni kuti azinamizira inu: “Makolo anga anandiletsa, Sala.” Lolani kuti inuyo muoneke ovuta. Mwana amene waona mafunso amakhala pampanipani wa anzake, ena amamunyengerera, ena amamuopseza, ndipo akakhoza mwa nzeru zake palibe amakhulupirira. Mukukumbukira 2020, pomwe mapepala a mayeso a MSCE anayenda m’mafoni, boma n’kuimitsa mayeso onse mu Novembala, ana a Fomu 4 dziko lonse n’kulembanso mu Januwale 2021. Osalakwa anavutika pamodzi ndi olakwa. Pepala limodzi, chithunzi chimodzi, gulu limodzi la WhatsApp, n’zokwanira. Kutayipa manotsi, ndandanda ya maphunziro kapena kalata yoitanira makolo, zimenezo palibe vuto.

Malo ndi nthawi muziikenso poyera. Thandizo lichitikire kusukulu, masana, chitseko chili chotsegula, ndipo ana akhale awiri kapena atatu. Kunyumba kwa aphunzitsi ayi. Ataweruka anzake onse, ayi. Mauthenga a usiku akuti “foni ija yavutanso,” ayi. Ngati pali chofunika, aphunzitsi aimbire inu. Sindikunena kuti aphunzitsi ndi afisi. Ambiri ndi makolo ngati ife, ndipo lamuloli likuwatchinjiriza iwonso ku malilime a anthu. Koma mwana wamkazi makamaka amafunika chonena chokonzeratu, chifukwa kukana munthu wamkulu amene amachonga mayeso ako si chinthu chapafupi. Mwana akayamba kubwera ndi mphatso, mayunitsi kapena foni yatsopano yomwe akuti n’zothokozera, musangoti mwayi wake. Funsani, ndipo mukafike kwa ahedi kapena kwa amayi a gulu loyang’anira atsikana pasukulupo.

Izi zisakupangitseni kumubisa mtsikanayo. M’nyumba zambiri foni ikavuta amaitanidwa ndi mnyamata, mtsikana ali ku mbale, ndiye tikudabwa kuti m’kalasi oimika mkono pa zamakompyuta ndi anyamata okhaokha. Mupatseni naye nthawi ya pafoni, alakwitse, akonze. Phunziro la Computer Studies lili pa mayeso a MSCE, ndipo pepala lake silifunsa kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi.

Onetsetsaninso kuti asasanduke kalaliki wa sukulu wosalipidwa. Pali ana ena amene amatulutsidwa m’kalasi mkati mwa phunziro la Biology kuti akakonze chosindikizira ku ofesi, mawa akalumikize zokuzira mawu ku msonkhano, mkuja akatayipe kalata. Aliyense amawayamikira, koma zotsatira za MANEB zikatuluka amalira okha. Nthawi yothandiza ndi ya buleki, kapena tsiku la makalabu. Funsani madzulo aliwonse funso lachindunji: “Lero unaphonya phunziro liti?” Mukamva kawiri pa sabata imodzi, pitani mukalankhule ndi aphunzitsi a kalasi, mwaulemu koma osazungulira. Komanso musampatse foni yopita nayo kusukulu mwa nzeru zanu poti akukathandiza. Sukulu zambiri zimaletsa mafoni, ndipo akamugwira nayo, mawu akuti anandipempha ndi Madamu sadzamupulumutsa. Chilolezo chichokere kwa ahedi, cholembedwa.

Nanga chikawonongeka? Funsoli anthu amaliopa mpaka tsiku limene laputopu yagwa pa simenti, ndiye amayamba kulozana zala. Safunsa anadya phula. Nkhaniyi ikambidwe chinthu chisanasweke. Ngati sukulu yatuma mwana kunyamula kapena kulumikiza chipangizo, ngoziyo ndi ya sukulu, pokhapokha mwanayo atachita dala kapena atatenga popanda chilolezo. Kuti pasakhale kukanirana, pakhale hadikava imodzi m’chipinda cha aphunzitsi: tsiku, chipangizo, wotenga, mphunzitsi womutuma, ndi momwe chabwerera, chaja ndi mawaya ake omwe, poti zosowa kwambiri ndi zimenezo. Ndipo katundu wa sukulu kapena wa aphunzitsi asagone m’nyumba mwanu. M’nyumba muli ana aang’ono, muli tiyi, muli akuba, muli denga lodontha. Mwana akabwera nacho, monga anachitira wanga, chizimitseni, chiikeni pamwamba, m’mawa chibwerere momwe chinabwerera, akachikonzere pamaso pa mwini wake.

Chomaliza kumuphunzitsa ndi mawu atatu ovuta kwa wachinyamata aliyense: izi sindikuzidziwa ayi. Akayesa kuzimitsa n’kuyatsanso, akaona mawaya, akaona batire, koma chinthu chikukanabe, alekere pomwepo. Sikuludilaiva asagwire. Vidiyo ya pa YouTube ya mphindi zisanu siimusandutsa mmisiri. Muno mu Luwinga odziwa sasowa: ophunzira za makompyuta pa Mzuni tili nawo m’makomo mwathu momwemu, ena amabwera m’sukulu kudzaphunzira uphunzitsi, ndipo m’tauni muli okonza mafoni amene ndiyo ntchito yawo. Woyandikana naye wa pa yunivesite uja amene mumamugawira masamba a maungu, mupempheni Loweruka limodzi akhale pakhonde ndi ana anu awiri atatu, awasonyeze kubweza mafayilo obisika pa fulashi. Ambiri sakana, bola tiyi akhalepo.

Mwana wanga uja anapitiriza kuthandiza aphunzitsi ake mpaka kumaliza sukulu, koma manja ali kumbuyo, ndipo malikisi aja aphunzitsiwo anawalembanso kuchokera m’makope a ana, ntchito ya masiku atatu. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa temu ino, nkhani zina zikatha anthu asanayambe kunyamuka, imikani mkono mufunse ahedi kuti ndi ana ati amene amagwira zipangizo za sukulu, amazigwira nthawi yanji, ndipo hadikava yolembamo ili kuti. Ngati palibe, gulani imodzi mukawasiyire.